Pakamwa pa Apongozi Anga

Bwanje,
Ntcheu.
13 Julaye 2024

Okondedwa achemwali Alinafe,

Musadabwe kulandira kalata yapamanja masiku ano a foni. Ndinakuimbirani ndithu sabata yatha, koma mutangoti "Halo, Obed," mawu anandithawa, n'kuyamba kukufunsani mitengo ya matimati ku Lilongwe ngati ndine wa geni. Munaseka, nanenso ndinaseka, foni n'kuduka nkhani isanatuluke. Ndiye ndati bola pepala, silidula munthu pakamwa.

Amene wakupatsani kalatayi ndi Lufina, mayi wa kunyumba kwanga, munamuona paukwati paja. Mayi amene aima kumbuyo kwake atadziphimba chitenje pakamwa ndi amayi ake, apongozi anga. Yambani mwawapezera pokhala, achoka kutali ndipo sanena kuti atopa. Dzina lawo muliwerenga m'buku lawo lakuchipatala, ine sinditchula. Ali ndi chilonda m'kamwa, ndipo a chipatala cha paboma atitumiza kwanuko. Nditamva kuti akafikira kuwodi imene inu mumagwirako, ndinakhala pansi n'kunena kuti Mulungu sataya wake. Koma kuti muwasamale bwino muyenera kuwadziwa, ndipo kuti muwadziwe mundilole ndiyambire patali. Mukundidziwa, ine njira yachidule sindinaiphunzire.

Kodi mukulikumbukira benchi lija kuseri kwa tchalitchi pa Nsipe? Tinandandalika pamenepo ana osauka okhaokha, kudikira kuti amayi a Thumba la Anamwino Opuma atiitane mmodzimmodzi. Ine ndinachoka kwathu ku Biriwiri pa lole ya kabichi, nditavala jekete la amalume limene manja ake ankandifika m'mawondo. Inu munachokera pamsewu pomwepo, pamene amayi anu ankagulitsa matimati, ndipo munandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kufunsa kuti, "Iwe, jeketelo mwini wake watsala m'kati momwemo?" Ubale wathu unayambira pa chipongwe chimenecho.

Nditalowa ndinapeza amayi okalamba atakhala mozungulira tebulo, aliyense singano zolukira m'manja. Wapampando wawo, Mayi Selestina, sanandifunse n'komwe za mayeso.

"Mnyamata iwe, ukudziwa kuti unamwino ndi kutaya mikodzo ya anthu?"

"Ndimakusa ndowe m'khola tsiku ndi tsiku, mayi."

"Ng'ombe sizitukwana. Odwala amatukwana."

"Abambo anga amatukwananso, mayi. Ndinazolowera."

Amayi onse aja anafa nako kuseka, koma iwo ayi, anangolemba kenakake. Pambuyo pake m'pamene tinadziwa kumene fizi yathu inkachokera. Tizipewa ta makanda timene ankaluka tija ankatigulitsa m'zipatala ndi m'matchalitchi, kwinaku akulembera anzawo amene anapita kunja kuti akumbukire kumudzi. Yunifolomu, nsapato zoyera, kawotchi kapachifuwa kaja, zonse zinatuluka m'singano. Mpaka lero ndikaona khanda litavala kachipewa koluka mtima umandiuza kuti ndivule changa.

Masiku amenewo, abale! Buku limodzi tinkalimbirana anthu awiri, inu masana, ine madzulo, ndipo linkabwera kwa ine lili ndi mafuta a zitumbuwa. Jakisoni woyamba munaphunzirira pa lalanje, wachiwiri pa mkono wanga, ndipo lalanje ndi limene linachita mwayi. Tsiku lophunzira kuyang'ana m'kamwa anatiika awiriawiri, inu n'kuwalitsa tochi m'kamwa mwanga n'kulengeza kalasi yonse ikumva kuti, "Wodwala uyu wadya bonya." Mayi Selestina ankabwera pa basi kudzatiyendera atanyamula chigumu m'kathumba, koma munthu sunkalawa asanakuone zikhadabo. Ankati thumba lawo silifuna kubwezeredwa kanthu, lonjezo lokha basi: boma likakutumiza kumene anzako akukana, usakane.

Inu anakutumizani kumudzi kwakutali kuja musanakaphunzirenso za khansa. Ine anandiponya kuno ku Bwanje. Mwana wa kumapiri, ndinafika ndi majuzi awiri ndi bulangeti lochindikala, anthu pasiteji n'kumandiyang'ana ngati ndadwala mutu. Kutentha kwake ndinkagona pansi pa simenti n'kumalira Biriwiri, nkhungu yake, mbatatesi zootcha, ndi mphepo ija yochokera ku Mozambiki. Ndinkati lonjezo likangokwana ndithawa. Koma kunabwera mtsikana wina atadzicheka chala ndi chikwakwa pomweta mpunga, ndipo chala chija ndinachimanga kangapo kuposa mmene chinkafunira. Mapeto ake ndinamanga nyumba pamudzi pawo ngati mkamwini, ndipo mwana wathu Atikonda tsopano akutha kundiwerengera Baibulo.

Tsono mumve za apongozi. Mukudziwa mwambo wakale woti mkamwini ndi apongozi saonana maso. Ambiri anausiya, ena amakwera njinga imodzi ndi apongozi awo kupita kumsika. Koma awa ayi. Chikwatirire mpaka posachedwapa, sindinakhalepo nawo pamphasa imodzi, sindinadyepo iwo akuona, sindinapondepo pabwalo lawo. Tikakumana panjira ya kusikimu ya mpunga, amapatuka n'kulowa m'tchire, kugwada chofulatira mpaka nditadutsa, kaya kuli minga kaya matope. Poyamba ndinkachita manyazi, ndinkati mayi wamkulu chotere azigwada m'zitsamba chifukwa cha ine? Ndinayamba kuzungulira njira yaitali kuti ndiwapumuze, iwo atazindikira anatuma Lufina kudzafunsa ngati andilakwira.

Pakati pa nyumba yathu ndi yawo pali mpanda wa bango, ndipo mpanda umenewo ndiye wakhala mthenga wathu. M'mawa uliwonse akamasesa amaima pafupi n'kunena kuti, "Mpanda iwe, kaya eni nyumba adzuka bwanji?" Ine ndimayankha, "Mpanda iwe, uwauze kuti tadzuka, kaya iwo." Musaseke, Alinafe. Kudzera mu mpanda umenewo takambirana za maliro, za mbewu, za dzina la mwana. Abambo anga atamwalira ku Biriwiri, ndinabwerako mtima uli zii, ndipo mpanda unandiuza mawu amene abale anga enieni sanandiuze. Mpunga woyamba wa chaka ndimaupeza pakhomo m'kadengu, wopetapeta, wopanda kamwala ngakhale kamodzi. Amayi anga ondibala amandikonda, koma mpunga sanandipeterepo chotero.

Chaka chatha amayi a thumba aja anapeza thandizo lina kwa anzawo akunja, nati limeneli lipite kwa anamwino akumidzi amene ali ndi funso lofuna kafukufuku. Ine funso ndinali nalo. Amayi achikulire kuno amabwira fodya wopera, kumuika kuseri kwa mlomo tsiku lonse ali m'madzi kuwokera mpunga, amati amachotsa kutopa. Ndinali nditaona angapo akubwera kuchipatala ndi zilonda zam'kamwa zitafika kale poti sitingachitepo kanthu. Ndinalemba kuti ndikufuna kuwatsatira kuminda komweko, kuwayang'ana m'kamwa zinthu zisanaipe. Anavomera. Anandigulira njinga, tochi, magolovesi ndi timitengo topanira lilime, ndipo ndinanyada ngati ndagula galimoto.

Ntchito yake inali yokoma. Ndinkafika nthawi yopuma, amayi atakhala pansi pa mtengo matope ali m'miyendo, ndipo ankandilandira ndi chipongwe. "A dokotala afika, tsegulani pakamwa, akufuna kutiwerenga mano ngati akugula ng'ombe!" Wina ankati, "Mukapeza dzino labwino mundiuze, ndinalitaya kalekale." Angapo ndinawapeza ndi timabanga toyera tongoyamba kumene, ndipo amenewo ali bwino lero. Chigwa chonsechi ndinachiyang'ana m'kamwa, achemwali. Koma paja amati walira mvula walira matope.

Chinayamba ndi moni wa m'mawa. Mawu a kuseri kwa mpanda anayamba kulemera, ngati munthu amene wavumata mbatata yotentha. Kenako ndinaona kuti makoko a nzimbe amene ankadzaza padzala pawo asowa, pamene iwo nzimbe ndiye inali ndiwo yawo. Kutchalitchi ine ndimakhala mbali ya abambo, sindiyang'ana kwa amayi, koma mawu awo m'nyimbo ndinkawadziwa, ankakwera pamwamba pa onse. Anazimirira. Tsiku lina Atikonda ananena pa chakudya kuti agogo masiku ano akudya phala ngati mwana. Ndinasiya mbale pomwepo. Makutu anga anali atandiuza kale chimene maso anga sankaloledwa kuona.

Lufina anati ndi dzino. Atayesa kuti awaone anamumenya padzanja. Kuchipatala anakana, ati kumeneko n'kuntchito kwa mkamwini, angakakumane nane pakhomo. Ndinapempha mnzanga wa kuntchito, Mayi Chimango, mzamba wathu, kuti awapitire kunyumba. Anamulandira bwino zedi, anamuphera nkhuku, anamucheza dzanja lili pakamwa, ndipo anabwerako ndi kathumba ka mpunga osaona ngakhale nsonga ya lilime.

Kunyumba kunayamba kutentha. Lufina anandifunsa misozi ili m'maso, "Anthu a chigwa chonse mwawaona m'kamwa, amayi anga okha ndiye akukanikani?" Ine ndinayankha mwaukali kuti, "Ndi amayi ako, auze ndiwe." Tinagona chofulatirana. Ndinali ndi mantha, ndipo mantha anga amatulukira m'kukalipa, mukundidziwa.

Akuluakulu kuno amati manyazi a chipongozi amatha kuchotsedwa. Mkamwini amapereka nkhuku ndi nsalu kudzera kwa ankhoswe, mumakhala pansi, n'kudya mbale imodzi, basi kuyambira tsiku limenelo mumaonana. Ndinagula tambala wamkulu ndi chitenje, n'kukapereka kwa a Bizwell, amalume a Lufina. Iwo anati nkhani yaing'ono imeneyo, aithetsa. M'mawa mwake ndinapeza tambala uja atamangidwa mwendo pakhomo panga, chitenje chili pambali chopindapinda. Tsache linkalira kuseri, kenako linaima.

"Mpanda iwe," anatero apongozi, mawu akutuluka movutikira, "uwauze eni nyumba kuti nkhuku yawo ndabweza. Sindinakwiye ayi. Malemu amuna anga anakalamba pamudzi pano akutumidwa ngati mwana. Amayi anga ankawaitana ndi dzina pagulu, ankawalanda khasu m'manja kuwasonyeza kalimidwe. Ndinkaona, mtima n'kumawawa, koma ndinalibe mawu. Ndinalumbira kuti wanga mkamwini adzakhala munthu pamudzi pano. Ndilibe ng'ombe, ndilibe nyumba ya malata. Chimene ndawapatsa n'chimenechi. Tsono ndichigulitse ndi nkhuku chifukwa cha kachilonda?"

Ndinagwira bango lija ndi manja awiri. "Mpanda iwe, uwauze kuti ulemu ndaulandira, wandikwana mpaka kusefukira. Koma ine ndikufuna iwo amoyo."

Tsache linayambanso kulira.

Ndinapsa mtima tsiku limenelo, Alinafe. Ndinaganiza zongothyola mpanda n'kulowa ndi tochi yanga. Koma munthu sumukanula pakamwa ngati mbuzi yomwetsa mankhwala. Ndipo kunena zoona, zaka zonsezi ndinkayesa kuti akungosunga mwambo. Sindinkadziwa kuti tsiku lililonse akagwada m'minga muja ankakonza chimene chinalakwika kwa mwamuna wawo. Ndinapita kuntchito ndikulira panjinga ngati mwana, anthu n'kumayesa kuti ndi fumbi.

Sabata yotsatira kunatulukira mlendo pa kabaza. Mayi Selestina! Akalamba, achemwali, mungalire kuwaona. Msana wapindika, maso achita ng'ala, akuyenda ndi ndodo, koma nsapato zikadali zoyera mbee. Anati abwera kudzaona ngati njinga yawo ikugwira ntchito kapena ndikunyamulira makala. Ndinawafotokozera za kafukufuku yense, iwo akugwedeza mutu. Nditamaliza anati, "Zonsezo n'zabwino. Nanga bwanji mawu ako akumveka ngati a munthu amene mbuzi zake zalowa m'munda wa eni?" Ndinawauza.

"Ndiperekeze," anatero. "Iwe ukathere pampanda."

Lufina anawalowetsa, ine ndinakhala pa mtondo mbali yathu, khutu lili pa bango. Anayamba ndi za mpunga, kenako za mawondo, kenako za amuna awo amene anatsogola. Ndinamva apongozi akuseka, koyamba pa miyezi ingapo. Kenako ndinamva kaphokoso kamene ndimakadziwa bwino, kabotolo kakugogodedwa pachikhatho. Kanagogodedwa kawiri, ndipo kachiwiriko mawu a Mayi Selestina anati, "Wanuyu ngwamphamvu, mumasakaniza ndi phulusa lanji?" Abale inu! Mayi Selestina amabwira fodya! Mayi yemwe uja wotiyendera zikhadabo, yemwe anasaina kuti ndalama zipite kukafufuza kuipa kwa fodyayo. Ndinatsala pang'ono kugwa pa mtondo.

Atakhala pang'ono anati, "Anzanga, ine ndinali namwino moyo wanga wonse. Ndikanakuonani ndine, koma maso anatha. Maso amene ndatsala nawo ndi a mnyamata amene wakhala kuseri kwa mpandayu, akuyesa kuti sitikumumva kupuma. Ndinamulukira zipewa mpaka zala kupindika kuti aphunzire. Lero ndikufuna andione m'kamwa, chifukwa fodyayu ndinamuyamba kale, ndipo ndili ndi mantha. Simungandiperekeze?"

"Mkamwini wanga sangandione nkhope."

"Ndamva."

Nkhuku zinkapalasa, dzuwa likuswa mtengo, ine thukuta lili kamukamu. Ndiye ndinamva apongozi akuti, "Lufina, tapita ukatenge chitenje chija ndinabweza. Akufuna pakamwa, eti? Pakamwa pokha ndiye aone."

Ndinalowa pabwalo lija chowerama, maso ali pa zala za kumapazi, n'kugwada kumapeto kwa mphasa. Ndinayamba ndi Mayi Selestina. M'kamwa mwawo munali mwakuda ndi fodya koma mopanda chilonda, ndipo nditawauza anapuma mwamphamvu n'kunena kuti, "Mwaona, anzanga? Saluma." Kenako ndinatembenuka. Apongozi anali atakhala mowongoka, miyendo atatambasula, chitenje chitaphimba mutu wonse kutsika mpaka pamphuno, Lufina atachigwira kumbuyo. Ndinaona chibwano chokha, chaching'ono, chokhala ndi timphini tiwiri takalekale.

Ndayang'ana m'kamwa mwa anthu osawerengeka, koma tsiku limenelo tochi inkavina m'dzanja langa. Kamtengo kanagwa, ndinatenga kena. Pamenepo dzanja lawo linatuluka pansi pa nsalu, linafufuza m'mwamba mpaka linapeza mkono wanga, n'kuugwira zolimba. Linali lokhakhala ngati khungwa la mtengo.

"Musanjenjemere, bambo. Gwirani ntchito yanu."

Sanauze mpanda, sanauze Lufina. Anauza ine. Chikwatirire, amenewo ndi mawu okhawo amene andiyankhula mwachindunji, ndipo atatero anatsegula pakamwa.

Ndikuuzeni monga namwino mnzanga. Chilonda chili kuseri kwa mlomo wam'munsi, mbali ya kumanzere, pamene amaika fodya, ndipo chatsikira ku nkhama. M'mphepete mwake ndi molimba, motukuka, chimatuluka magazi ukangochikhudza. Pansi pa chibwano pali mwanabele mmodzi, wolimba, koma nditamukankha anasuntha. Anasuntha, Alinafe. Ndagwiritsitsa kusuntha kumeneko ngati munthu wogwira udzu pamtsinje wodzaza, ndiye ngati ndikudzinamiza mudzandiuze pang'onopang'ono.

Nditazimitsa tochi apongozi anati kwa Mayi Selestina, "Mayi, afunseni aona chiyani."

Ndinayang'ana Mayi Selestina, ndipo ngakhale saona bwino, nkhope yawo inandiuza kuti ndikanama andimenya ndi ndodo. Ndinati, "Ndaona chilonda chimene sichingapole ndi mankhwala a kuno. Ndikuopa kuti ndi khansa. Afunika apite msanga."

Lufina anayamba kulira, manja n'kulefuka. Apongozi anamudzudzula pomwepo, "Iwe, usagwetse nsalu!" Kenako anati apita, koma ayambe amweta mpunga wawo, sangausiyire mbalame. Mayi Selestina anagogoda ndodo pansi. "Mpunga amweta mkamwini. Nanga munamusungira ulemu wonsewu kuti azingodya?" Apongozi anaseka pansi pa nsalu, kuseka kosanganikirana ndi ululu, ndipo anavomera.

Ndiye mpunga ndinamweta ine, mwana wa mbatatesi, madzulo ndikaweruka. Amayi a kusikimu anapeza chowaseketsa chaka chino. Matuza ali m'manja mpaka pano, n'chifukwa chake zilembo zikupendama. Apongozi anapita paboma ndi Lufina, anawadula kanyama kokayeza, ndipo zotsatira zitabwera zinanena zomwe ndinkaopa. Thumba lili ndi kagawo kothandiza paulendo anthu amene kafukufuku wawapeza ndi matenda. Ndinakayikira chifukwa awa ndi a pabanja, koma amayi aja atakambirana anati wodwala ndi wodwala. Choncho ulendo umene wawafikitsa pamaso panuwu watulukanso m'singano zomwe zija.

Tsopano zopempha zanga. Muziwafotokozera chilichonse musanachite, amamva msanga, ndipo amadana ndi kuwakuwira ngati ogontha. Ophunzira asawaunjirire, makamaka anyamata. Mankhwala a ululu sadzapempha, muziwayang'ana zala za kumapazi, zikapindika ndiye kuti zavuta, Lufina ndi amene wandiuza zimenezi. Kabotolo kawo kali pa mfundo ya chitenje. Akuti asiya, ndipo ndikukhulupirira, koma musawalande, amangofuna kukagwira. Lufina mzinda sauzolowera, mumusonyeze kumene odikirira odwala amaphikira, ndipo mukaona wangokhala duu mumuyambe nkhani ya jekete lija, aseka.

Mufunsa kuti bwanji sindinabwere nawo. Kuchipatala kuno tachepa, zimenezo n'zoona, koma si chifukwa chenicheni. Ndikakhala pawodipo sangapume. Azidzangokhalira kufunda kumutu, kutembenukira kukhoma, kudzuka pabedi kuti agwade. Mphatso yokhayo imene ndingawapatse pano ndi kukhala kutali, ndipo ikundiwawa.

Mayi Selestina anakufunsani. Anati, "Kamtsikana ka matimati kaja kakadali kolongolola?" Ndinati kanakula, ndi sisitala wamkulu tsopano, iwo anati zimenezo sizinayankhe funso. Msonkhano wa thumba uliko pa Nsipe mvula isanagwe, ndipo akufuna ndikafotokoze zimene ndapeza pamaso pa ana atsopano amene awasankha chaka chino. Mukabwere, achemwali. Amayi aja atsala ochepa patebulo paja, ndipo benchi lija likadalipo, ndinaliona. Mayi Selestina akuti fodya asiya, koma pokwera kabaza ndinamva kabotolo kakulira m'chikwama.

Mundiperekere moni kwa a Gibson, muwauze kuti ndikuthokoza pobwereka mkazi wawo ku mavuto anga. Moni kwa ana. Atikonda akuti azakhali a ku Lilongwe amubwezere agogo ake msanga. A Bizwell akupereka moni, Mayi Chimango chimodzimodzi. Kathumba ka mpunga kamene Lufina wanyamula n'kanu, musakane, apeta okha ndi ululu womwewo.

Chatsala chimodzi, ndipo ndi chimene chinandikanika pafoni. Inu ndi ine tikudziwa chimene madokotala amachita chilonda chikafika pa nkhama. Akadula, adzachotsa ndi fupa lomwe, ndipo nkhope imene adzabwere nayo kuno siidzakhala imene apita nayo. Ine imeneyo sindinaionepo. Ndimawadziwa kumsana, ndimadziwa kayendedwe kawo patali, ndimadziwa chibwano ndi dzanja limodzi. Pa chithunzi cha ukwati anaweramitsa mutu. Lufina anafuna kundionetsa chitupa chawo, ndinakana, ndinaona ngati kuba.

Koma inu mulibe chipongozi nawo. Akakhala pabedi n'kuchotsa nsaluyo, musathamangire chilonda. Yambani mwawayang'ana iwo, mofatsa, maso, mphumi, mmene amasekera ngati mungawaseketse. Musajambule. Mungosunga mumtima, ndipo tikadzakumana pa Nsipe mudzandiuze mmene amayi anga ankaonekera.

Ndine mlongo wanu,
Obed